Machubu Awiri Opanda Dzina

Mutu 6

1. Cholembera chouma

Lolemba m'mawa, cholembera cha Kamphepo chinauma. Nkhani yonseyi inayambira pamenepo, abale, pa kanthu koti ungakaponde m'njira osakaona n'komwe.

Kamphepo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wophunzira ntchito yoyeza magazi mu labotale ya chipatala chachikulu. Anatsala ndi milungu iwiri kuti amalize miyezi itatu yoyesedwa. Mwa ophunzira asanu ndi mmodzi, chipatala chinkafuna kusunga awiri okha, ndipo aliyense ankadziwa kuti mmodzi mwa awiriwo ndi iyeyo. Mwanayo changu! Ukamutuma ku wodi ya pamwamba, usanameze n'komwe malovu, uyu wabwera kale.

M'mawa umenewo anamutuma kuti aperekeze anesi ku wodi ya ana. Kunali makanda awiri ogona pa mabedi oyandikana, wina chapazenera, wina chapakhomo. Onse anali a miyezi isanu ndi itatu, onse osakula bwino, onse opuma mokoka. Adokotala anafuna kuti magazi a onse awiri ayezedwe matenda amodzi osowa kwambiri.

Lamulo la mu labotale linali lachidule: chubu cha magazi chilembedwe dzina pabedi pomwepo, munthu usanasunthe phazi.

Anesi anatenga magazi a mwana wa pazenera n'kumupatsa chubu. Kamphepo anakanda ndi cholembera chija, koma ayi ndithu. Anachigwedeza, anachiuzira mpweya, anachikanda pachikhatho. Zii.

Tebulo la anesi linali kumapeto kwa wodi, mapazi makumi awiri okha, ndipo zolembera zinali mbwee m'kapu. Koma anesi anali atagwira kale mkono wa mwana wachiwiri, akunena kuti, "Tandigwirire kuno msanga, mtsemphawu ungathawe."

Kamphepo anaponya chubu choyamba m'thumba lamanja la gawuni yake yoyera. Chachiwiri anachiponya m'thumba lamanzere.

"Wa pazenera kumanja, wa pakhomo kumanzere," anadzinong'oneza. "Ndikalembera pansi."

Nthawi yomweyo mwana wa pakhomo anabweza mkaka wonse pachifuwa pa Kamphepo. Mayi wa mwanayo anapepesa mwamanyazi. Mayi wa pazenera, munthu wansangala, anaseka n'kunena kuti, "Wakudalitsani ameneyo, asisi. Mukwatiwa chaka chino."

Kamphepo anatsika masitepe awiriawiri. Atafika mu labotale anavula gawuni ija, anaikoleka pamsomali, anasamba m'manja pa sinki. Kenako anatembenuka, anapisa dzanja lamanja m'thumba, anatulutsa chubu n'kulembapo dzina la mwana wa pazenera. Chinacho analembapo la wa pakhomo. Anaika machubuwo mu filiji akuimba kanyimbo.

2. Phunziro la a Magalasi

Masana ake, mkulu wa labotale anaitana ophunzira onse pa bolodi. Anali bambo wa imvi, woyankhula pang'onopang'ono, ndipo ophunzira ankawatchula kuti a Magalasi, koma kumbali. Magalasi awo anali ochindikala ngati pansi pa botolo.

"Lero talandira magazi a makanda awiri," anatero a Magalasi. "Sindifuna muziyeza chinthu chimene simukuchidziwa. Khalani pansi."

Anajambula chinthu chozungulira pa bolodi.

"Ili ndi selo. Thupi lanu lonseli ndi maselo okhaokha, ndipo selo lililonse limapanga mapuloteni osapuma. Koma mapuloteni akangopangidwa amakhala asanathe, ngati malaya osasokerera mabatani. Amayamba alowa m'timatumba tafulati, tosanjikizana ngati mbale zotsuka. Timatumba timeneti dzina lake ndi Goliji. Akalowa mbali ino amayenda thumba ndi thumba. Apa awadula pang'ono. Apa awalumikiza timaunyolo ta shuga. Apa achotsapo shuga wina n'kuikapo wina. Pofika mbali inayo, aliwonse ali ndi chizindikiro chonena kumene akupita. Ena apita ku khoma la selo, ena atuluka kunja, ena apita ku kachipinda kogayiramo zinyalala."

"Shuga wake ndi yemweyu wa mu tiyi, bwana?" anafunsa Mlongoti, mnyamata wamtali amene ankakhala kumbuyo nthawi zonse.

"Iwe ukangomva shuga m'mimba mwayamba kulira," anayankha a Magalasi. "Ndi achibale ake, koma sunganyambite."

Ophunzira anaseka. A Magalasi sanaseke nawo.

"Tsono mverani. Mapuloteni ogaya zinyalala ali ndi chizindikiro chawochawo, kashuga komatidwa ndi kamchere kotchedwa fosifeti. Potulukira pa Goliji pali alonda amene amafufuza chizindikiro chimenechi. Akachiona amawagwira mapuloteniwo n'kuwaperekeza ku kachipinda kaja. Akapanda kuchiona safunsa, amangowasiya atuluke kunja pamodzi ndi ena onse. Mwana wobadwa ndi matenda amene tikufufuzawa amapanga mapuloteniwo bwinobwino, amphamvu zawo. Chosowa ndi chimodzi basi, wodinda chizindikiro palibe. Ndiye onse amatayikira m'magazi, pamene m'maselo zinyalala zikungounjikana. Mfundo za mafupa zimauma, nkhama zimatupa, chifuwa chimathina. N'chifukwa chake timayeza magazi. Tikawapeza ochuluka kumeneko, tadziwa kuti asochera."

"Mankhwala ake alipo, bwana?" anafunsa Kamphepo.

"Ochiritsa palibe. Ambiri saona zaka khumi."

A Magalasi anavula magalasi aja n'kuyamba kuwapukuta.

"Ana inu, ndakhala m'chipinda chino zaka makumi atatu ndi chimodzi. Makina awa sanandinamizepo. Amene amanama ndi munthu wothamanga. Makina sadziwa mwana, amadziwa dzina limene mwalemba pachubu. Mukalemba lolakwika, makina adzanena zoona, koma adzanenera munthu wina. Mayi wa mwana wabwino adzalira maliro a mwana wamoyo. Mayi wa mwana wodwala adzapita kwawo akuvina. Ndiye ndimati lembani pabedi pomwepo. Cholembera chikauma, imani, itanani, dikirani. Anesi akakalipa, akalipe. Kuthamanga sikufika. Ndikadzapeza wina akuyenda ndi chubu chopanda dzina, ngakhale akhale mwana wanga wobala ndekha, gawuni adzaisiya pamsomali apo."

Analoza msomali uja ndi choko. Onse anacheuka, ndipo Kamphepo anacheuka nawo.

Gawuni yake inali ikadali pomwepo, mabatani akuyang'ana kwa iye. Apa m'pamene anazindikira. Chovala chikakuyang'ana, thumba limene lili kumanja kwako ndi thumba lake lamanzere. M'mawa muja iye anangopisa dzanja lamanja osaganiza. Kodi gawuniyo inali ikuyang'ana kwa iye, kapena kukhoma? Kodi wina waitembenuza pofuna kukoleka yake?

Anayesa kukumbukira mpaka mutu unawawa. Sanakumbuke.

3. Kulira kwa mu wodi

Lachiwiri anakhala chete. Lachitatu anakhalanso chete. Ankadziuza kuti mwina zotsatira za ana onse awiri zituluka zofanana, ndiye kusinthana kwa machubu sikupweteka munthu.

Koma tsoka silinunkha. Lachinayi masana zotsatira zinatuluka, ndipo zinali zosiyana ngati usana ndi mdima. Chubu cholembedwa dzina la mwana wa pazenera chinali bwinobwino. Cholembedwa dzina la mwana wa pakhomo chinali chodzaza ndi mapuloteni osochera aja.

A Magalasi anasaina mapepala onse awiri. Anapumira m'mwamba n'kumupatsa Kamphepo. "Kapereke kwa adokotala. Ndiwe wa miyendo."

Anakapereka. Kwa nthawi yoyamba chibwerere pachipatalapo, anakwera masitepe amodziamodzi.

Pobwerera anaima pakhonde la wodi ya ana, akunamizira kumanga nsapato. Anaona adokotala akukoka katani kuzungulira bedi la pakhomo. Panapita mphindi zingapo. Kenako kunamveka kulira kumene Kamphepo anali asanakumvepo, kulira kwapansipansi, kotuluka m'mimba.

"Mayo ine! Ndalakwanji ine? Woyamba yemweyu, adokotala, woyamba yemweyu!"

Amayi ena a mu wodimo anaweramitsa mitu. Mayi wa pazenera anakumbatira mwana wake zolimba, misozi ili m'maso, koma nkhope ikuoneka kuti yamasuka. Adokotala anali atamuuza kale kuti matenda oopsawo palibe, ndipo mawa atuluka.

Mlongoti anamupeza pakhondepo. "Iwe, wadwala? Nkhope yako ikuoneka ngati waona mzukwa."

"Mutu," anatero Kamphepo, n'kutsika.

4. Mawu a amayi

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, ndipo chipinda chochezera chinali chodzaza ndi zovala za anthu, chifukwa amayi ake ankagwira ntchito yochapa ndi kusita. Anawapeza ataima pa tebulo, akusita gawuni yake ina yoti avale mawa. Gawuni zonse ziwirizo anasoka ndi iwowo.

"Bwanji walowa ngati wakuba, osapereka moni?" anafunsa amayi.

Kamphepo anakhala pa mpando n'kufotokoza zonse, kuyambira pa cholembera mpaka pa kulira kwa mu wodi. Amayi anaimika simbi.

"Wauzapo ndani?"

"Inu nokha."

"Zithere pompano," anatero amayi. "Tamvera, mwanawanga. Bambo ako anali oyendetsa basi zaka khumi ndi ziwiri osagundapo ngakhale nkhuku. Tsiku lina pobwerera m'mbuyo anakhula basi ina pamalo oimikapo. Panalibe wowaona. Akanatha kutseka chitseko n'kubwera kwawo kudzagona. Koma iwo ndi chilungamo chawo chija anakagogoda ku ofesi kukadzinenera. Ukudziwa chimene anawathokoza nacho? Kalata yowachotsa ntchito. Anayenda ndi kalata imeneyo ofesi ndi ofesi mpaka nsapato zinang'ambika. Anamwalira asanagwirenso chiwongolero. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, sukumbuka mmene ankakhalira pakhomo apo kuyang'ana msewu. Ine ndimakumbuka. Dziko lino silikumbatira wonena zoona, limamupondaponda. Manja angawa taona mmene anakhalira ndi sopo. Ndinkati mwana wanga adzavala zoyera, asadzachape za anthu. Watsala ndi milungu yosakwana iwiri. Ndiponso iwe mwini sukudziwa ngati unasinthanitsadi. Mwina sunalakwe n'komwe. Ufuna kutaya moyo wako wonse chifukwa cha mwina?"

Sanali mayi woipa, ayi. Anali mayi wotopa, ndipo mantha ndi amene ankayankhula.

"Amayi," anatero Kamphepo motsitsa mawu, "akanakhala kuti wogona pabedi paja ndi ine, mukanafuna kuti mtsikanayo akhale chete?"

Amayi anatenga simbi n'kupitiriza kusita mkono umene anali atausita kale. Atamaliza anapinda gawuniyo bwinobwino n'kuiika pamiyendo pa mwana wawo.

"Chakudya chili pa mbaula," anatero, n'kutuluka kukaanula zovala.

5. Pakhomo pa ofesi

Lachisanu m'mawa kunali mitambo ndi kamvula kowaza. Kamphepo anafika ophunzira anzake asanabwere. Anaima pakhomo pa ofesi ya a Magalasi, anakweza dzanja, analitsitsa. Anapita ku sinki, anasamba m'manja moyera kale. Anabwereranso n'kugogoda.

"Lowa."

Sanakhale pansi. Anayankhula ataimirira, maso ali pa simenti, ndipo sanabise kanthu. A Magalasi anamvetsera osamudula. Atamaliza anamufunsa funso limodzi.

"Unazindikira liti?"

"Lolemba masana, bwana. Nthawi imene munkaphunzitsa ija."

"Lolemba." Anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. Popanda magalasiwo ankaoneka okalamba kwambiri. "Mwanawe, ukanandiuza Lolemba, tikanataya machubu aja mu bini, n'kukatenga magazi ena. Ndikanakukalipira, ukanalira, zikanathera m'chipinda chino. Cholembera kuuma si mlandu. Kuika m'thumba ndi kulakwa. Koma masiku anayi aja ndiye mlandu weniweni, ndipo mlandu suola. Unandisiya ndisaine dzina langa pansi pa chinthu chimene unkachikayikira. Unanyamula pepalalo ndi manja ako. Mayi wa pakhomo uja sanadye chiyambire dzulo. Adokotala asiya kufufuza chimene chikudwalitsa mwana wake, poganiza kuti achipeza. Ngati machubu anasinthana, mwana ameneyo ali ndi vuto lina, mwina lochizika, ndipo tikumutayitsa masiku. Winayo akutuluka lero ndi chifuwa chimene chingamutsekere panjira, makolo ake osadziwa choyang'anira. Waona kukula kwake?"

"Ndaona, bwana." Misozi inali ikutsika yokha.

"Ndinkakuwerengera, iwe. Ndinali nditalemba kale kalata yokuyamikira, ili m'dirowa umu." Anatambasula dzanja. "Bweretsa baji."

Kamphepo anamasula baji ya pachifuwa n'kuipereka. Pini inamubaya chala.

"Akuluakulu a chipatala akumana Lolemba. Ndilemba zonse ziwiri, kuti unalakwa n'kubisa, ndiponso kuti unabwera wekha popanda wokugwira. Chimene akasankhe kuwerenga ndi chawo. Sindikulonjeza kanthu."

Anaimba foni kwa adokotala n'kuyankhula mwachidule. Kenako anatenga thireyi, anaikapo machubu awiri atsopano, singano ziwiri, thonje, ndi zolembera ziwiri.

"Gawuni usavule kaye. Magazi atenga anesi, kulemba ndilemba ine. Adokotala akubwera kudzafotokoza za chipatala. Koma mawu oyamba akhale ako. Amayi aja ayenera kumva kuchokera pakamwa pa amene anachita."

"Bwana, ndikanena kuti chiyani?"

"Zimene wandiuza ine. Nyamula."

6. Thireyi

Pa masitepe anakumana ndi Mlongoti akukutumula ambulera. Anayang'ana pachifuwa pa Kamphepo pamene pankakhala baji, anayang'ana a Magalasi, ndipo nthabwala imene inali pamilomo pake anaimeza. Anangopatuka.

Mu wodi ya ana munali fungo la mankhwala okolopera. Mayi wa pakhomo anali atagona chopinda miyendo m'mphepete mwa bedi, nkhope kukhoma, dzanja limodzi lili pamsana pa mwana wake. Kapu ya tiyi inali pa kabati, itazizira, yosakhudzidwa.

Pazenera panali chisangalalo. Zikwama zinali zomangamanga. Mwana anali atavekedwa kachipewa katsopano kachikasu, ndipo bambo ake, amene anabwera ndi yunifolomu ya kuntchito, ankamuseweretsa ndi makiyi. Mwanayo ankapuma mokoka ngati kale, koma panalibe amene ankamvetsera zimenezo.

Mayi wa pazenera atangomuona Kamphepo anaimirira.

"Bambo a mwana, ndi awa ndimanena aja! Asisi anga a dzanja lamwayi. Ndi amene ananyamula magazi, ndi amenenso anabweretsa pepala labwino lija." Anamugwira mkono ndi manja awiri. "Ndimati ndisachoke ndisanakuoneni. Usiku wonse wa dzulo ndagona tulo koyamba chibadwire mwanayu. Mulungu akudalitseni, asisi, mudzakhale dokotala wamkulu."

Bambo aja anaika makiyi m'thumba n'kuwerama pang'ono mwaulemu. "Zikomo kwambiri, mwatithandiza."

Kamphepo anacheukira a Magalasi. Iwo anali ataima kumbuyo kwake, manja kumsana.

"Mayi," anayamba Kamphepo. "Mayi, ndabwera kuti... pali chimene ndinalakwitsa Lolemba."

Mayiyo anali akumwetulirabe. Kenako maso ake anatsikira pa thireyi, pa machubu awiri opanda kanthu ndi singano ziwiri zosatsegula. Manja ake anamasuka pang'onopang'ono pa mkono wa Kamphepo.

"Asisi, ife tikutuluka lero. Nanga singano ziwirizi n'za ndani?"

Kumbuyo kwawo bedi linalira. Mayi wa pakhomo, amene chiyambire dzulo anali asanayang'ane munthu, anadzuka n'kukhala tsonga.